Matayala a Dhari

Ku tauni ya Jahra kunalibe munthu amene ankawatchula a Saqer dzina lawo lenileni. Kumzikiti, kumsika wa nkhosa, ngakhale pothira petulo, aliyense ankangoti Bambo a Talal, ndipo iwo ankavomera, ngakhale kuti Talal mwiniyo anali atagona kale kumanda.

Talal anali mwana wawo woyamba. Anafera pamsewu wa ku Subiya tsiku limene mvula yoyamba inagwa, akuchokera kothamangitsana ndi anzake. Galimoto yake anali ataiveka matayala ofewa a mpikisano, aja okhala ndi timizere tochepa tongokwanira kuti wapolisi asakuimitse. Paphula louma matayala otere amagwira ngati ulimbo, koma akaponda madzi amasambira. Galimoto inapota n'kukamenya chipilala cha mlatho.

Mwana wamwamuna amene anawatsalira anali Dhari, wofatsa, wogwira ntchito kudoko, amene pamaliro a mkulu wake sanagwetse msozi anthu akuona. A Saqer ankayesa kuti ameneyu matenda a liwiro anamulambalala. Anadzamvera kwa anthu, akumwa tiyi ndi abambo anzawo kunyumba kwa mlamu wawo, kuti Dhari anagula galimoto yakale ya Caprice ndipo akuikonza mobisa m'galaja la mnzake. Tiyi uja anazizirira m'manja.

Mawa lake atatha kudya anamuuza Dhari kuti akhale kaye.

"Ndamva za galimoto yako."

Dhari anazyolika, kudikira chimphepo. Koma chimphepo sichinabwere.

"Mkulu wako ndinamuletsa, ndinamulanda makiyi, ndinamukalipira pamaso pa anzake. Anakathamangira kumene maso anga sankafika. Iwe ngati magazi akukuyabwa, uzikathamangira kubwalo la mpikisano, kumene kuli mpanda ndi ambulansi. Ndizikuperekeza ndekha. Koma matayala ndisankha ndine."

Akazi awo, a Lulwa, anali chiimire pakhomo la khitchini, mbale ya mpunga ili m'manja.

"Mmodzi munakamutsitsira m'manda ndi manja anu omwewo," anatero. "Uyu mukufuna kumuperekezako akuyenda yekha?"

"Nanga ndimumangirire kumwendo wa bedi, Mayi a Talal?"

"Mumangirireni. Chingwe ndikupatsani ine."

Anaika mbale ija pansi n'kukadzitsekera kuchipinda.

Gulu la mpikisano limene Dhari analowa linali la galimoto zoyenda m'misewu ya tsiku ndi tsiku. Lamulo lake linali lakuti galimoto ifike pabwalo ikuyenda yokha, osati itakwezedwa pangolo, ili ndi nambala yake komanso matayala ololedwa pamsewu. Matayala amene wachokera nawo kwanu ndi omwewo upikisanire, ndi omwewonso ubwerere nawo.

Loweruka m'mawa bambo ndi mwana anapita ku Shuwaikh, kwa Haji Gholam, mnzawo wa a Saqer wa kuyambira paunyamata, amene anakalambira pakati pa milu ya matayala.

"Ha, Bambo a Talal! Ndimayesa munasiya galimoto, mukukwera ngamila tsopano. Khalani apa. Iwe Dhari, ndevu zimenezi wabwereka kwa yani?"

Atamva chimene abwerera, Haji anasiya nthabwala pang'ono. Analowa mkati n'kugubuduza matayala awiri, otambalala ngati migolo.

"Ili," anatero akumenya loyamba ndi chikhato, "n'lofewa ngati mkate wongophula. Dinda chala uone. Ukalitenthetsa pang'ono limakakamira phula, galimoto imanyamuka ngati yaponyedwa ndi legeni. Chidindo cha lamulo lili nacho, wapolisi alibe chonena. Koma silikhalitsa, ndipo ndi madzi sizimwerana. Linzakeli n'lolimbirapo, tingalande take n'takuya. Likufikitsa kubwalo, likubweza kwanu. Za kupambana ndiye usanditenge mawu."

Dhari anali atagwada kale pa loyamba lija. Analisisita, analidinda ndi chikhadabo, mpaka analinunkhiza. A Saqer anaona mmene zala zakezo zinkayendera pamphirapo, ndipo anakhala ngati akuona manja a munthu wina. Anayang'ana kumsewu.

"Ababa, onse a m'gulu langa avala awa."

"Onsewo si ana anga."

"Mvula kuno imagwa kangati pachaka? Ikagwa galimoto sindiitulutsa, ndalumbira."

"Mvula imakuimbira foni? Mkulu wako anachoka pakhomo kumwamba kuli mbee."

"Injini ija ndaipatsa mphamvu zambiri, Ababa. Awa angozungulira pamodzimodzi. Anthu akandiseka."

"Akakuseke. Bola akuseke iwe kusiyana n'kuti abwere kudzandipepesanso ine."

Haji Gholam, amene ananyamula nawo chitanda cha Talal, anayamba kufunafuna chinthu m'thumba la mkanjo wake chimene munalibe. Kenako anafunsa chapansipansi, "Timange ati?"

A Saqer analoza a tingalande takuya. Dhari anaimirira, anasasa fumbi m'maondo, ndipo anakadikira panja mpaka ntchito inatha.

Mpikisano unali Lachisanu masana, anthu atachoka kumzikiti. Kumwamba kunalibe ndi kamtambo komwe. A Saqer anaima pampanda, manja atagwira waya, pakati pa anyamata ofuula amene theka lawo ankawadziwa ndi maina a abambo awo. Galimoto zinkanyamuka ziwiriziwiri pakamtunda kowongoka, kafupi, koti munthu ukaphethira kawiri zatha.

Nthawi ya Dhari itakwana, anapotetsa matayala akumbuyo kuti atenthe, utsi woyera unakwera, fungo la mphira linafika mpaka pampanda. Pambali pake panaima galimoto yofiira. Nyali yobiriwira itayaka, galimoto yofiira ija inangoti psuu, yapita. Ya Dhari inalira, inakuwa, matayala akuzungulira pamodzimodzi, kumbuyo kukugwedezeka uku ndi uku. Pamene inkagwira phula n'kuti inzake ili kumapeto. Ulendo wachiwiri anachepetsako mpweya m'matayala. Zinasintha pang'ono chabe.

"Dhari, amenewa wamasula kubasi ya sukulu?" anakuwa wina.

"Musiyeni, akupita kukagula ndiwo!"

A Saqer anamva zonsezo koma sizinawalowe. Mwana wawo anali kutuluka m'galimoto ndi miyendo yake iwiri. Anapita kwa iye ndi botolo la madzi, ndipo osadziwa, nkhope yawo inali ikumwetulira.

"Wayendetsa bwino, mwanangu. Itayamba kuvina unaigwira ngati munthu wamkulu."

Dhari anavula chipewa chachitsulo. Anayang'ana kumwetulira kuja, botolo sanalandire.

"Mwasangalala, eti?"

"Ndasangalala kuti uli bwino."

"Matayala amenewa simunagulire ine, Ababa. Munagulira Talal. Chilichonse m'nyumba muja n'cha Talal. Misozi ya amayi n'ja Talal, dzina lanu n'la Talal. Ine mumandiyang'ana ngati mukuwerenga masiku oti ndimutsatire. Nanenso anali mkulu wanga. Alipo anandifunsapo?"

Sanakweze mawu, ndipo mwina zikanapepuka akanakuwa. A Saqer anatsegula pakamwa, koma zonse zimene anazipeza zinali zoyambira pa dzina lomwelo. Anangotseka botolo lija.

Kuchokera tsiku limenelo Caprice sinagonenso pakhomo. Patapita masabata angapo a Saqer anapita kugalaja la mnzake wa Dhari uja m'mawa, eni ake ali kuntchito. Chitseko chinali chokankha. Galimoto inali momwemo, ndipo kumbuyo inali itavala ofewa aja, atsopano, akuda bii. Anagwada movutikira chifukwa cha bondo, anadinda chala pamphira. Chinalowa. Kenako anagwira chitseko cha galimoto n'kudzuka.

Madzulo ake sanakalipe.

"Ndawaona," anatero. "Popita ndi pobwera ndiziyenda kumbuyo kwako."

"Msewu ngwa boma, Ababa."

Nyengo yonse yozizira anatero. Lachisanu lililonse Caprice patsogolo, iwo kumbuyo pa pikapu yawo, maso ali pamatayala aja ngati kuti kuwayang'ana kungawagwiritse phula. Akafika sankalowanso m'bwalo. Ankaimika galimoto kunja kwa chipata, n'kutsitsa galasi, kumvetsera. Injini ya mwana wawo anafika poidziwa pakati pa zinzake zonse. Ikabangula ankagwira mpweya, ikatsika mawu kumapeto kwa mtunda ankaupuma.

Dhari anayamba kupambana. Anthu omwe aja ankamuseka anayamba kumunyamula m'mapewa. Bambo wina wa ku Qatar, mwini gulu la galimoto za mpikisano, anamuona akuyendetsa ndipo anamuitana kuti azikayendetsa zake. Kumeneko galimoto zake zinali zenizeni, zosaponda n'komwe msewu wa anthu, zothamanga kuwirikiza Caprice ija.

Dhari ananyamuka ulendo wa ku Qatar kutentha kusanayambe. Amayi ake anawakumbatira nthawi yaitali pakhomo, iwo akumulongedzera zipatso za kanjedza ndi zonunkhiritsa tiyi m'chikwama chodzaza kale. Kwa abambo ake anawerama n'kuwapsompsona pamutu monga mwa mwambo.

"Mundipempherere, Ababa."

"Mulungu akusunge," anatero a Saqer. Anafuna kumugwira pamkono, koma dzanja linachedwa, mwana anali atanyamula kale chikwama.

A Lulwa sanawanenepo kanthu, ngakhale kamodzi, ndipo kukhala chete kumeneko a Saqer kunkawalemera kuposa mawu. Anayamba kudya awiriwiri pamphasa yaikulu imene inali ya anthu anayi.

Dhari amaimba foni Lachisanu. Amacheza ndi amayi ake nthawi yaitali, ndipo kumapeto amafunsa kuti, "Ababa ali bwanji?" A Lulwa amawatambasulira foni ija. Bambo ndi mwana amafunsana za kutentha, za nkhosa za chikondwerero cha Idi, za bondo ngati likupwetekabe. Kenako onse awiri amakhala chete, aliyense akumva kupuma kwa mnzake, mpaka Dhari atanena kuti, "Chabwino, apatseni amayi."