Dontho la Petulo Pansi pa Pikapu ya Malume

Pikapu ya malume inalowa pageti dzuwa litayamba kuwawa, itapendekera mbali imodzi ngati galu wothyoka mwendo. Kumbuyo inali itasenza kabichi mpaka kupitirira denga. Kanyerere anazimitsa gulayinda yodulira zitsulo n'kukweza magalasi pamphumi. Asanafike n'komwe pafupi anadziwa kuti vuto lili pa sipuling'i yakumbuyo, chifukwa tayala linkakhula bodi.

Dzina la Kanyerere anam'patsa ndi bambo ake ali mwana, poona mmene ankakokera zitsulo zomuposa msinkhu pabwalo lomwelo. Tsopano anali mayi wa ana ake, ndipo mageti, mawindo ndi mawilibala onse a pakhomopo ankadutsa m'manja mwake. Bambo ake, omwe anawotcherera zitsulo moyo wawo wonse, maso anali atayamba kuchita chifunga. Chitsulo ankachiona ndi zala. Akafuna hamala ankapapasa patebulo uku akukamba nkhani ina kuti mlendo asazindikire. Za maso awowo pakhomopo sizinkatchulidwa.

Malume anatsika akudzipukuta thukuta ndi chipewa. Anali mlongo wa malemu mayi ake a Kanyerere, ndipo iwo ndi bambo ake anali anthu okondana amene sangamalize kapu ya tiyi osakangana.

"Alamu, ndagwa m'dzenje la pamlatho," anatero malume. "Kabichiyu akudikiridwa kumsika. Akafota ndidya ndekha mpaka ndimere masamba."

Kanyerere anagwada n'kusuzumira kunsi. Chitsulo chogwira sipuling'i ku chasisi, chimango cha pansi pa galimoto, chinali chitang'ambika, chikulendewera ndi kachidutswa. Kuchiwotcherera sikunali kovuta. Chovuta chinali thanki ya petulo, yomwe inali pompo, moti munthu akanatha kugwira zonse ziwiri ndi dzanja limodzi.

"Malume, titsitse kaye katunduyu, tichotse thanki, kenako ndiwotcherere."

"Pomatha zonsezo msika udzakhala utaweruka. Ndipo iwe Kanyerere usandikwiyire, koma ili si geti. Apa pamakwera moyo wanga. Alamu, gwirani nokha. Kapena n'zoona zimene anthu akunena, zoti maso anapita?"

Bambo anaseka, koma kunali kuseka kwa m'mano mokha.

"Anthu ake ati? Ine ndinawotcherera mathirakitala inu musanadziwe pamene pali giya yobwerera m'mbuyo. Kanyerere, ndipatse chigoba changa chowotcherera."

"Ababa, thankiyo ili pafupi kwambiri."

"Nyowetsa chiguduli uphimbe. Takhala tikutero iwe usanabadwe."

 Kuwatsutsa pamaso pa alamu awo kukanakhala kuwavula. Kanyerere anamasula batire, anakweza galimoto ndi jeke, n'kuika zipika kunsi kwa chasisi. Chiguduli anachiviika m'ndowa n'kuchikulunga pathanki. Kafungo ka petulo kanalipo, koma galimoto ya malume inkanunkha petulo chaka chonse, ngakhale malume eni ake. Kanyerere anayendetsabe zala pa kapaipi kochokera kuthanki. Kanali kouma.

Bambo anagona chagada pa katoni n'kudzikankhira kunsi kwa galimoto, miyendo yokha n'kutsala kunja. Anapapasa mng'aluwo, kenako anamenya chitsulocho ndi hamala kuti chibwerere m'malo mwake, mpaka galimoto yonse inanjenjemera. Atapana rodi yowotcherera n'kuikhudzitsa pachitsulo, inakakamira. Makina owotcherera analira ngati ng'ombe yomangidwa. Anaikoka mwaukali. Malume anatsokomola, chifuwa chosachokera m'chifuwa.

Ulendo wotsatira moto unagwira, koma Kanyerere, yemwe ankayang'ana kudzera m'magalasi ake akuda, anaona kuti mzere ukudutsa pambali pa mng'alu.

"Chakumanzere pang'ono, ababa," ananong'ona kuti malume asamve.

"Ndikuona."

Sankaona. Ankatsatira pamene zala zawo zinawauza, ndipo dzanja linali litasuntha. Timoto tinkathetheka n'kugwera pafumbi, tina pachiguduli, pomwe tinkazima ndi kautsi.

Rodi itatha, bambo analeka kuti aike ina. Kanyerere anakweza magalasi kuti apukute thukuta. Ndipamene anaona dontho likusonkhana kunsi kwa kapaipi kaja, likunenepa, kenako n'kugwa. Pafumbi, pafupi ndi phewa la bambo ake, panali kale banga lakuda lalikulu ngati mbale. Chitsulo chothyokacho chinali chitakhula kapaipiko njira yonse, ndipo hamala ija inangomalizitsa.

 "Ababa, dikirani kaye."

"Ndati ndikuona, iwe."

"Si zimenezo. Petulo akudontha."

Koma chigoba chinali chitatsika kale kumaso ndipo makina anali atayamba kulira. Kanyerere anadzuka kuti athamangire kukhoma komwe kunali swichi ya makinawo. Asanaponye phazi lachiwiri anamva kumbuyo kwake kuti phu, phokoso laling'ono ngati la munthu wokutumula nsalu.

Atacheuka, kunsi kwa galimoto kunali kuwala kwachikasu, ndipo miyendo ya bambo ake inkapalasa fumbi. Anaiwala za swichi. Anagwira akakolo onse awiri n'kukoka ndi mphamvu zonse. Katoni inatsetsereka, bambo n'kutuluka mutu utagunda chipika, mkono wa ovololo yawo ukuyaka kuyambira paphewa. Kanyerere anavula epuloni yake yachikopa n'kuwagwera nayo pamwamba, akupanikiza mpaka utsi wokha unatsala. Kenako anakankha chogwirira rodi ndi phazi kuti chitalikire galimoto.

"Malume, zimitsani swichi. Pakhomapo."

Malume anali atafika kale pageti, chipewa chili m'manja. Anaima, anayang'ana msewu, anayang'ana alamu awo ali gone pansi, kenako anabwerera chothamanga. Makina anakhala chete, ndipo m'chetemo munamveka moto ukulira kunsi kwa thanki.

Pakona ya mpanda panali mulu wa mchenga wotsala pomanga. Kanyerere anatapa ndi fosholo n'kuponya kunsi kwa galimoto, anatapanso, anaponyanso. Moto wapansi unazima. Koma pa kapaipi lawi linakakamirabe, ndipo dontho lililonse linkagwa likuyaka. Chiguduli cha pathanki chinkafuka nthunzi. M'mphepete chinali chitayamba kuda.

Malume anabwera ndi ndowa ya madzi.

"Ayi, madzi amwaza motowo. Vulani jekete, muviike m'menemo."

"Choka pamenepo, mwana iwe, iphulika."

"Jekete, malume."

Anam'patsa ikudontha. Kanyerere anagona chamimba n'kukwawira kunsi. Kutentha kunamumenya kumaso, ndipo anamva fungo la tsitsi lake lomwe. Anaganiza za ana ake, omwe nthawi imeneyo anali kusukulu, ndipo anatsala pang'ono kubwerera. Koma bambo ake anali gone pafupi ndi tayala, osatha kudzuka msanga. Anatambasula dzanja lamanzere n'kufumbata kapaipiko ndi jekete yonyowayo, pamwamba pa lawi penipeni, n'kufinya. Ululu unakwera mpaka m'chigongono. Sanasiye. Anagwirabe mpaka kunsi kwa galimoto kunachita mdima.

Kenako anatuluka chokwawa. Anakhala pafumbi n'kuviika dzanja m'ndowa.  Kumsewu kunadutsa njinga yamoto, ndipo kwa oyandikana nawo wailesi inkaimba ngati palibe chachitika.

Bambo anadzikokera kukhoma n'kutsamira. Nsidze za mbali imodzi zinali zitapserera, ndipo pamkono khungu linali litayamba kutukusira.

"Petuloyo unamuona?" anafunsa.

"Ndinamuona, ababa."

"Anali pati?"

"Pafupi ndi phewa lanu. Banga lalikulu."

Bambo anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Pamene ndimasintha rodi ndinatembenukira komweko. Ndinayang'ana pomwepo. Sindinaone kanthu." Kenako analozetsa nkhope kumene kunali malume. "Alamu, anthu aja sakunama."

 Malume anakwinya chipewa chawo m'manja.

"Ndi pakamwa pangapa," anatero. "Ndikanakuphani nonse awiri chifukwa cha kabichi."

Anapita kukabwereka galimoto ya mnzawo n'kuwatengera onse kuchipatala. Kabichi anagona pabwalo, ndipo theka linathera kwa oyandikana nawo ndi mbuzi zawo.

Dzanja la Kanyerere linatenga milungu kuti lipole, ndipo pikapu inakhala pazipika nthawi yonseyo. Malume sanaitengere kwa mmisiri wina, ngakhale sananene chifukwa chake. Tsiku lokonza litafika, anakhetsa okha petulo, anamasula thanki n'kukaisiya kuseri kwa nyumba, kutali kuposa mmene kunafunikira. Kanyerere anadula chitsulo chakalecho, n'kuika chatsopano chokhuthala. Bambo anakhala pampando pafupi, akumvetsera kulira kwa moto, ndipo penapake anati makina akwera kwambiri. Kanyerere anawatsitsa. Anali olondola.

Kuchipatala kuja, namwino wotsuka chilonda cha bambo ndi amene anawatumiza kwa dokotala wa maso, ndipo ulendo uno bambo sanakane. Diso lamanja dokotala anati linapita. Lamanzere linali ndi ng'ala, yomwe anaichotsa. Atavula bandeji kunyumba, bambo anayenda pabwalo lonse akuyang'ana mageti omwe anali kudikira eni ake, akuwerama pamfundo iliyonse yowotcherera. Pomaliza anaima patsogolo pa mwana wawo n'kumuyang'ana nthawi yaitali.

"Iwe, imvizi zinayamba liti?"

"Kalekale, ababa."

"Ndiye osandiuza?"

Anapempha kuti awabweretsere tiyi panja pomwepo, chifukwa m'nyumba, anati, aona fumbi lambiri.