Chiuli Chamva Ludzu

Chibwerereni kuchipatala, bambo ake a Mzime anakana kuonedwa ndi munthu. Sitiroko inawasiyira dzanja lamanja lolefuka, ndipo ndevu zitaona kuti mwini munda wagona, zinamera mmene zinafunira. Iwowa anakalambira pa hotela ali mkulu wa operekera zakudya, munthu amene ankabweza anyamata kunyumba chifukwa cha katsitsi kamodzi pachibwano. Ndiye anthu awaone ali chonchi? Alendo ankabwerera pakhonde. Makina ometera anawakana, amvekere ndi ometera nkhosa, ndipo burashi yawo yakale yopakira sopo inali itayoyoka mpaka kutsala chogwirira chokha. Mzime, mwana wawo wamkazi wotsiriza amene ankakhala nawo, anali ndi mantha. Ankaona kuti bambo ake akufota m'chipindamo, ndipo mawu awo anatsala awiri basi: "ayi" ndi "tseka".

Mchimwene wake, amene amagwira ntchito kutali ndipo chikondi chake chimabwera m'makatoni, anatumiza burashi yatsopano ya ubweya wa chiuli. Mzime atatsegula kabokosiko anakwinya mphuno. Inkanunkha ngati galu wovumbwidwa ndi mvula.

Koma pa nkhani ya thovu Mzime sauzidwa ndi munthu. Ntchito yake ndi yophika makeke, tsiku ndi tsiku amamenya zoyera za mazira mpaka ziime, ndipo lamulo lake lalikulu ndi loti madzi asayandikire, chifukwa kadontho kamodzi kamagonetsa mbale yonse. Choncho anapukuta kambale mpaka kuuma gwa, anapukutanso burashi imene inali youma kale, n'kuyamba kuitikita pa sopo wometera. Anatikita, anakanikiza, ubweya mpaka kuphwatalala ngati tsache lakale. Chimene chinatuluka ndi tizinthu tonanda, ndipo nato tinathawira m'kati mwa burashi momwemo.

Bambo anali pampando, thaulo lili pakhosi, nkhope atalozetsa kukhoma. Diso limodzi lokha ndi limene linkayang'ana mwakuba.

Mzime anayesanso, thukuta lili kamukamu, mtima ukuwawa kuti kanyama kakufa kakumuchititsa manyazi pa ntchito yake yomwe. Kenako anaganiza kuti mwina ubweyawo ndi wouma mutu, ukufunika kuufewetsa. Anapita kukhitchini n'kubwera ndi ketulo ikutuluka nthunzi.

"Iweyo, imeneyo si nkhuku yoti uisosole. Bweza ketuloyo."

Mzime anatsala pang'ono kudziwotcha mapazi. Mawu onsewo, otuluka pakamwa pa bambo ake! Anadziletsa kuti asaonetse chimwemwe, poopa kuti angabwererenso kukhoma, ndipo anangofunsa mwamwano pang'ono kuti nanga iwo odziwawo akuti atani.

Apo ndiye anaputa mavu. Mawu ankatuluka mokoka, mbali imodzi ya pakamwa ikutsalira, koma ukali wa pa hotela unali wonse. Anati atenge madzi ofunda ngati osambitsira khanda, aviike burashiyo m'kapu, aisiye. Chiuli chamva ludzu, anatero, ndipo ubweya wa nyama ukapanda kumwa kaye umameza thovu lonse. Mzime anatsutsa kuti madzi amapha thovu, aliyense wophika amadziwa. Iwo anamuyang'ana momumvera chisoni n'kumufunsa ngati anaonapo sopo woikiridwa ndi nkhuku.

Burashi itakhuta, anamuuza aikutumule pang'ono, kenako azizunguliza pa sopo ndi nsonga zokha, osakanikiza ngati akukwecha poto. Thovu loyamba linatuluka la maso akuluakulu, ndipo anati limenelo ndi lochapira masokosi, alitaye, litengeko ndi fungo lomwe. Ulendo wachiwiri anati madzi aziwonjezera ndi nsonga za zala, kadontho, kuzunguliza, kadonthonso. Apa ndiye dzanja la Mzime linakumbukira kwawo. Mkono unayamba kuvina m'kambalemo monga uchitira ndi mazira, ndipo thovu linayamba kulimba, maso aja n'kuzimirira, mpaka linasalala n'kumanyezimira. Atafinya burashi kuchokera kutsinde monga anamuuzira, linatumphuka lina lambiri limene linabisala m'kati. Mwachizolowezi anatembenuza kambaleko chadodolido, ndipo silinagwe.

Bambo anaseka. Kunali kuseka kopendekera mbali imodzi, koma kuseka ndithu. Anavomera kuti dzanja ali nalo, mutu wokha ndi umene anatengera kwa amalume ake. Kenako analanda burashi ndi dzanja lamanzere n'kuyamba kudzipaka okha. Thovu lina linalowa m'khutu, lina pamphuno, koma anakana kuthandizidwa, ndipo anatseka maso pomva kufewa kwake.

Ali choncho kunamveka kugogoda. Mzime anasuzumira pawindo n'kuona kuti ndi atelala a pakona, mnzawo wakalekale wa bambo ake, amene sanatope kubwera ngakhale ankangobwezedwa. Ananyamuka kuti akanene bodza lake lija loti odwala agona.

"Kawauze alowe," anatero bambo, maso ali chitsekere. "Amene uja amametera sopo wochapira zovala. Chibadwire sanaonepo thovu ngati ili, abwere aone lisanaume."

Atelala analowa chipewa chili m'manja, n'kuima pakhomo pa chipinda nthawi ndithu akuphethira. Kenako anati, "Achimwene, mwana wanuyu wakusandutsani keke." Bambo anawauza kuti asiye zolongolola, agwire galasi bwinobwino, ndipo awiriwo anakangana za kapendekedwe ka galasilo mpaka Mzime anamaliza kumeta masaya onse.

Atatha, Mzime anapita kukhitchini kukakonza tiyi. Kapu yachiwiri anachita kuifunafuna, ndipo anaipeza kumbuyo kwenikweni kwa kabati itachita fumbi. Anaitsuka nthawi yaitali kuposa mmene kapu imafunira, misozi ikutsika, akumvetsera madoda awiri akukangana kuchipinda.