A Gondwe M'kati mwa Windo Lakuda

Malotowa andisowetsa mtendere, chifukwa ndinadzuka ndikumwetulira.

Ndinalota a Gondwe, anzanga a mu ofesi amene anafufuta zonse m'kompyuta yanga osandifunsa, nditavutika masiku atatu kuikamo pulogalamu yosanthulira ziwerengero pa Linux, pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyutayo. M'malotomo anali atatsekeredwa m'windo lakuda lija la pakompyuta lomwe timalembamo malamulo ouza kompyuta chochita. Zilembo zoyera zinkawayenda m'thupi ngati linthumbu. Ponseponse pankanunkha waya wopserera.

"Achimwene, nditulutseni!" anakuwa.

Ndinalemba lamulo lowatulutsa. Kompyuta inayankha kuti chitseko sichingatseguke popanda kiyi. Kiyi anafuna wosula, wosula anafuna makala, makala anafuna nkhwangwa, ndipo chilichonse chinkabwera mokwawa pa netiweki ya ku ofesi kwathu ija. A Gondwe anamera imvi ine ndikuona. Zonse zitakwana, kompyuta inandifunsa kuti: "Ndipitirize? Inde kapena ayi?"

Ndinadina ayi. Batani lake linali lofunda, lofewa ngati chitumbuwa chongophula kumene.

Kaya ndine woipa mtima, kaya. Koma m'mawa uno a Gondwe abwera ndi laputopu yawo, akuti ndiwaikiremo pulogalamu yomweyo.

Ndawakokera mpando. "Khalani pansi, achimwene. Zimatenga kanthawi."