Sofa ya a Musakhalepo

Bambo amenewa dzina la Musakhalepo analitengera pa sofa. Sofa yake yoyera mbee, yogula akukwatira. Mlendo akangoti apinde maondo, iwo ankathamanga ndi kampando ka pulasitiki: "Pepani, apo musakhalepo." Eniakewo ankamvera wailesi atakhala pansi, sofa ili pambali ikupuma.

Tsono akazi awo anaitanidwa ku maphunziro a kuntchito, kutali ndithu, mwana atangoyamba kumene kuyenda.

"Ndiitane amayi adzakuthandizeni?" anafunsa mayiyo.

A Musakhalepo anakumbukira apongozi awo, munthu wa thupi lake, wokonda kudya mbale ili pamiyendo, msuzi ukuyenda m'chigongono.

"Ayi, ndikwanitsa."

"Chabwino. Koma ndikadzapeza kachilonda pamwanayu, amayi abwera ndi chisutikesi chija, ndipo kubwerera kwake ndi Mulungu."

Vuto linali lakuti mwanayo ankakonda kukwera pasofa. Bambo anaganiza mozama. Anamuveka thewera, pamwamba pake lina, pamwamba pakenso kabudula wa pulasitiki, n'kumanga zolimba ngati katundu wa panjinga. Mwana ankayenda ngati bakha. Koma sipanadonthe kanthu, ndipo poti sipankadontha, bambo sanaone chifukwa chomasulira pafupipafupi. Kumanga m'mawa, kumasula madzulo. Fungo likabwera ankathira pawudala ndi kupukuta ndi timapepala tonunkhira. Ankadabwa kuti amayi amadandaula chiyani ndi ntchito yophweka chonchi.

Pasanathe masiku ambiri mwana anayamba kulira kosatonthola. Atamasula katundu uja, anapeza matako afiira psuu, khungu litayamba kusupuka. Madzi kungokhudzapo, mfuu yake mpaka kwa aneba. Bambo anaona chisutikesi chikulowa pakhomo m'maganizo mwawo, ndipo anabereka mwana ulendo wa kuchipatala.

Anamwino anasenda thewera loyamba, lachiwiri, n'kuima kaye.

"Bambo, mkatimu muli mwana ndithu?"

"Alimo, sisitala. Pitirizani."

"Mumamusintha kangati?"

"Likadzadza."

"Limadzadza liti?"

"Ndi aakulu matewerawa, sadzadza msanga."

Anamwino anawayang'ana pamwamba pa magalasi. Anati mkodzo ndi chimbudzi zikakhalitsa pakhungu zimawotcha, pulasitiki imatsekera chinyezi, thewera lothina limakhula, ndipo zonunkhirazo zimangosonkhezera moto.

"Akangonyowetsa, sinthani. Tsukani ndi madzi ofunda okha, musakhule ngati poto, muzingogunditsa kansalu mpaka paume. Kenako pakani mafuta oyera awa. Pawudala musiyeni. Mukaona mafinya, kutentha thupi, kapena masiku angapo osasintha, mubwerenso. Koma mankhwala aakulu ndi mphepo. Muzimusiya osavala."

"Osavala kalikonse?"

"Kalikonse."

"M'nyumba?"

"M'nyumba mwanu muli ndani woti achite manyazi?"

"Muli sofa."

"Sofayo ili ndi zilonda?"

A Musakhalepo anati ilibe.

Kunyumba anayala chitenje pansi, namukhazika mwana ali mbulanda. Mwana anaona kuti pansi pakuwawa. Anadzuka, nakwera pasofa, nagona chafufumimba pofewapo, matako kumwamba, kulira n'kutha. Bambo anamutsitsa, mwana analira. Anayala pulasitiki pasofa, mwana anaikoka n'kuitaya. Anayala thaulo, anakagona pomwe thaulo lathera.

Bambo anaima pakati pa balaza, thewera lili m'manja. Kumuveka, sofa ipulumuka koma apongozi abwera. Kumusiya, ndiye basi. Anapinda thewera lija, naliika pathebulo.

Mwana anadzuka, naima pakhushoni ya pakati, nawayang'ana bambo ake m'maso, n'kuyamba ntchito yake mosafulumira. A Musakhalepo sanalire. Anangotuluka panja n'kukayang'ana mtengo.

Zinapita choncho tsiku ndi tsiku. Kutsuka, kuumitsa, kupaka, mphepo. Matako ankayera, sofa inkachita mapu.

Tsiku lobwera mayi, anafika ndi apongozi omwe, chisutikesi chili pambuyo, chifukwa aneba anali ataimba kale foni za kulira kuja. Moni asanathe, agogo ananyamula mdzukulu, namutembenuza, namutengera pawindo powala. Anayang'ana uku, anayang'ana uku, mpaka m'mapindiko a ntchafu.

"Pasalala," anatero mokhumudwa.

"Ndinanena kuti ndikwanitsa," anatero bambo.

"Komabe poti ndafika kale, ndikhalako pang'ono. Mwezi umodzi, iwiri."

Agogo anatembenuka kufuna pokhala. Mwanayo anali atangotsika kumene pakhushoni ya pakati. A Musakhalepo anagwira kampando ka pulasitiki kaja, nakakankhira kuseri kwa chitseko.

"Amayi, khalani pasofa."

Akazi awo anatsegula pakamwa. Chikwatirane anali asanamvepo mawu amenewo. Agogo anamwetulira, nakonza diresi yawo ya paulendo, nakhala ndi thupi lonse.

Kumwetulira kuja kunayamba kuchoka pang'onopang'ono. Ananunkhiza kumanzere, ananunkhiza kumanja, nasuntha pang'ono, napeza kuti kumeneko nakonso n'chimodzimodzi.

"Zimakhala chonchi masiku onse?"

"Anamwino anati mphepo isalekeke, amayi. Tikungotsatira malangizo."

Agogo anadzuka atagwira diresi kumbuyo ndi zala ziwiri.

"Basi yobwerera inyamuka nthawi yanji?"

Chisutikesi anasenza okha a Musakhalepo, mwaulemu wonse, mpaka pasiteji.

Masiku ano mlendo aliyense amalozeredwa sofa. Onse amathokoza n'kupempha kampando ka pulasitiki.