Jini Lofuna Tulo

Chibadwire mwana, mkazi wa dalaivala wa thiraki sanasekepo. Mwamuna amatha masabata atatu ali pamsewu, iye ali m'chipinda chimodzi ndi khanda, beseni ndi matewera. Popemphera swala ankaiwala kuti wawerama kangati, ali pa rakaa yachingati, n'kungokhala pamkeka misozi ili chuchuchu. Namwino wa kusikelo atamuona, anamuuza kuti abwere Lachinayi adzaonane ndi dokotala wa maganizo.

Apongozi ake atamva, anakana kwamtuwagalu.

"Kwa amisala? M'banja mwanga ayi. Ili ndi jini, limalowa pomwe imani mwa Allah yachepa. Ine ndinabereka asanu ndi atatu, unandimvapo ndikulira?"

"Ndinali ndisanabadwe, amayi."

Lachitatu apongozi anaitana a Shehe. Anaphimba kalilole ndi nsalu, n'kumukhazika mtsikanayo pakati pa chipinda, miyendo atatambasula. A Shehe anakhala cha kukhomo nayamba kupemphera dua motsitsa mawu. Apongozi anaona kuti zikuchedwa. Anamugwira chala chachikulu chakuphazi n'kukuwa:

"Iwe jini! Ukufunanji mwa mwana wa eni?"

"Tulo," anayankha mtsikanayo. Miyezi iwiri yonseyi panalibe amene anamufunsapo chomwe akufuna, ndiye mwayi sakanautaya.

"Mwamva, a Shehe? Lalankhula! Chinanso?"

"Munthu wocheza naye. Komanso wina achapeko matewera."

"Jini laulesi bwanji ili!"

A Shehe anatsokomola, ndevu zikugwedera.

"Mayi, majini alipo, koma lofuna wochapa matewera sindinakumane nalo. Mwanayu akudwala. Mneneri Yakubu analira mwana wake mpaka maso kuchita khungu. Mukuti imani yake inali yochepa?"

"Astaghfirullah! Ine sindinatero."

"Palibe nthenda imene Allah sanaiikire mankhwala. Dua tichita, kuchipatalanso apite. Ineyo mkazi wanga atamwalira ndinayenda khomo lomwelo chaka chathunthu." Anatembenukira kwa wodwalayo. "Ukalawirire, mwana'nga, mabenchi ake ndi ochepa."

Apongozi anasiya chala chija pang'onopang'ono, ngati akubweza chinthu cha eni.

Mawa lake anamuperekeza okha, mpango atautsitsa mpaka pamphuno kuti pasapezeke wowazindikira. Mtsikana analowa, khanda n'kutsala panja ndi agogo ake. Analankhula mpaka kukhosi kuuma, dokotala osamudula mawu. Dokotalayo anamuuza kuti nthendayi imagwira amayi ambiri akangobereka, ndipo imachizika, anamupatsanso tsiku lobweranso.

Potuluka anapeza khanda lili m'tulo, apongozi atamukokera namwino pakona, akunong'ona mokweza monga amachitira anthu ogontha pang'ono:

"Nanga amsinkhu wathu, oti amuna anamwalira kalekale ndipo ana saimba foni, mumawaona tsiku lanji? Ndikufunsira mnzanga."