Bokosi Lofiira la Kenan

Dzuwa la Okutobala linali pamutu pamene Eliness anatula bokosi lofiira patebulo la Lyson, wogulitsa zitsulo mumsika wa pa Boma. Pambuyo pake panali mwana wake Bertha, atavala ovolosi ya girisi, thumba la feteleza lili paphewa, maso ali otupa.

"Fundi, tatsegulani mundiuze zoona za zitsulozi," anatero Eliness. "Msana ukundipweteka, sindikufuna nthano."

Bokosilo linali la malemu mwamuna wake, Kenan. Kenanyo analigula kwa mzungu wina wa kumgodi kalekale, koma sanamasulirepo nalo ngakhale nati imodzi. Njinga zamoto za anthu ankakonza ndi masipanala wamba a ku Kyela, kutsidya kwa malire, omwe ankakhala m'thumba la feteleza lija. Lofiirali ankalitsegula Lamlungu lokha akaweruka kutchalitchi. Ankapukuta chitsulo chimodzichimodzi, n'kuzunguza lacheti, sipanala yolira ketekete poizunguza, pafupi ndi khutu, maso atatsinzina, akusimba za galaja ya malata yomwe adzamange m'mbali mwa M1. "Za ku Jeremani izi," ankatero. "Sizingayambire ntchito pansi pa mtengo."

Galajayo sinamangidwe. Tsopano panali patatha miyezi iwiri Kenan atagona kumanda a ku Mwenilondo, ndipo Loweruka abale ankabwera kudzagawa katundu. Mng'ono wa Kenan wa ku Vinthukutu, Reginald, anali atanena kale pafoni: thumba litsale kwa mwana, bokosi lipite kwa iye. Bertha, yemwe anatenga malo a bambo ake pansi pa mtengo wa mango, analumbira kuti bokosilo silituluka pakhomo. Eliness ndiye anayenera kusankha, kulimbana ndi akuchimuna kapena kumulakwira mwana wake.

Lyson anatulutsa lacheti m'bokosimo, naiyang'ana mbali zonse. Pachigwiriro panali chiwombankhanga chonyezimira.

"Mayo! Iyi ndi namwali, sinalaweko dzimbiri," anaseka. "Mtsikana, tandipatsa yako ya m'thumbamo."

Bertha anapereka monyinyirika. Yakeyo inali yakuda, dzina litafufutika. Lyson anamasula timabawuti tiwiri pamutu pa lacheti iliyonse, nayala zamkati panyuzipepala.

"Mama, taonani apa. Timadontho titatu iti mukutiona? Onaninso apa."

Eliness anawerama. Timadontho tinalipo konsekonse, pamalo amodzimodzi. Lyson anatenga kagiya ka yofiira n'kuika mu yakuda. Kanalowa bwinobwino ngati kwawo.

"Mimba imodzi izi," anatero. "Fakitale ndi imodzi, kutsidya kwa nyanja zikuluzikulu uko. Makampani amangoitanitsa, aliyense n'kudindapo dzina lake. Sindikunena zonse ayi, zina zimapindika ngati waya. Koma ziwiri izi n'zapachibale. Inu simulima mpunga?"

"Ndimalima."

"Mavenda akakugulani, suja ku Lilongwe umakapezeka m'mapaketi a mayina asanu? Munda ndi wanu womwewo."

Eliness anakhala pabenchi. Kutentha kunamulemera m'zikope, phokoso la msika linapita kutali. Anaona nyumba yaitali yopanda mapeto, masipanala akuyenda pamzere ngati usipa woyanikidwa pathandala. Kumapeto kwa mzerewo kunali mayi wina wotopa ngati iye, miyendo itatupa, akudinda chiwombankhanga pa ichi, nyenyezi pa icho, kwinaku akuganiza za ndiwo za ana. Kenan anali pomwepo atavala malaya ake a kutchalitchi, akudikira moleza mtima kuti chake chifike. Ankamwetulira. Eliness anafuna kumukalipira kuti akuchedwa, koma mawu sanatuluke.

"Ndiye kuti adada ananamizidwa?" Mawu a Bertha ndiwo anamudzutsa. Mtsikanayo anali atayamba kulira.

"Iwe, pukuta mamina, uli pamsika," anatero Eliness. "Sananamizidwe. Abambo ako anagula choti azilota nacho, ndipo analota mpaka kukhuta. Koma chomwe chinakulipirira sukulu n'chiti? Si thumba lonunkhali?"

"Koma adada aang'ono sadziwa n'komwe kugwira sipanala, amama!"

"Ndiye bwino. Akaliika pamwamba pa kabati, alendo aziliona."

Lyson anaseka mpaka kutsokomola. "Mama, inu mukanakhala loya!"

"Ndikanakhala loya ndikanagona masana. Bwezeretsani zitsulozo mmene zinalili, musasokoneze."

Pamene Lyson ankamanga timabawuti, Eliness anapisa dzanja m'thumba muja n'kutulutsa sipanala ya nambala teni. Pakati pake panali posalala, poyera, pomwe chala chachikulu cha Kenan chinadya chitsulo kwa zaka makumi awiri. Anaiika m'dzanja la Bertha, namukanikiza chala pamalo pomwepo.

"Ichi fakitale sinadinde," anatero. "Ukufuna chipite ku Vinthukutu? Chifukwa tikakangana Loweruka, alamu anga akhoza kunena kuti chabwino, tengani bokosi, ndipatseni thumba."

Bertha anayang'ana sipanalayo nthawi yaitali, kenako anailowetsa m'thumba la pachifuwa la ovolosi yake n'kutseka batani.

Loweruka Reginald anafika atakonzekera mkangano, mawu atawasanja kale m'njira monse. Anapeza bokosi lili pakhonde, litakulungidwa m'chitenje chatsopano, tiyi ali pambali. Anangoti "Yewo, alamu," kawiri konse, namangirira katundu wake pakaliyala ya njinga yake ndi mphira.

Bertha sanaone nawo zimenezo. Anali kale pansi pa mango, atagwada pambali pa njinga yamoto ya namwino wina yomwe inakana kulira. Eliness anatsuka makapu, nayala mphasa pamthunzi wa kuseri kwa nyumba, ndipo anauza ana a pafupi kuti aliyense womudzutsa aona zakuda.