Khutu Lakumanzere la Kotone

Pepalalo linandipulumuka m'manja sitima ikuyandikira siteshoni ya Shinjuku, ndipo bambo wina wachikulire ndiye ananditolera.

"Mayi, mwatumbuluka. Khalani pano."

Ndinawathokoza, koma sindinakhale. Pepalalo linkafotokoza za mtsikana wa m'manga ina yachikondi, buku la nkhani ya zithunzi, imene ankafuna kuisandutsa anime, kanema wa zithunzi zojambula pamanja, ndipo ine ndinali paulendo wokayesedwa ngati mawu anga angamuyenere. Mapepala otere ndinali nditawerenga osawerengeka pa zaka khumi ndi zinayi za ntchito yanga yolankhulira anthu ojambulidwa. Onse amafanana: dzina, msinkhu, tsiku lobadwa, gulu la magazi.

Kotone, zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Amakonda mbatata yootcha. Amadana ndi malo aphokoso. Kenako mzere womaliza: "Khutu lake lakumanzere silimva chibadwire, koma sanauzepo munthu. N'chifukwa chake amayenda kumanzere kwa mnyamata amene amamukonda, ndipo akapanda kumva zimene wanena, amangoseka."

Ameneyo ndinali ine, Chizuru Nagamine, ndendende. Kupatula mayi anga, panalibe wodziwa za khutu langa. Pantchito yathu khutu ndiye khasu. Ndani angalembe mlimi wa khasu lothyoka? Ndinkabisa, koma chaka chimenecho kubisako kunayamba kundikanika. Kawiri konse pojambula mawu ndinachedwa kulowa pamzere wanga woti ndilankhule chifukwa mnzanga analankhulira kumanzere. A Horiuchi, amene ankandipezera ntchito, anali atandiuza mosapsatira kuti ndikalephera apa, ndiyambe kuganiza zobwerera kwathu ku Akita.

Ku situdiyo ndinawerenga mizere ya Kotone. Nditamaliza, woyang'anira kujambula mawu, a Segawa, anati mlembi wa mangayo akufuna kundilonjera. Dzina limene ankalembera linali longopeka, kotero sindinkayembekezera nkhope yodziwika.

M'khonde ndinapeza mayi wamfupi wa mandala, zala zake zili bii ndi inki.

"Chizuru, mawu ako akadali aja ogwetsa denga."

Ndinamuyang'anitsitsa. Anali Fumie, mtsikana wofatsa amene ndinaphunzira naye kusekondale. Zaka zitatu tinakhala moyandikana m'kalasi, koma sindikukumbuka ngati ndinamufunsapo ngakhale kumene ankakhala.

"Unadziwa liti?" ndinamufunsa, moni ndisanapereke.

"Sabata yoyamba yomwe. Ndinakupempha labala katatu, iwe zii. Ndinati mtsikana uyu ndi wamatama bwanji! Tsiku lina ndinakupempha ndili kumanja kwako, unandipatsa labala, pensulo, ndi switi yomwe."

"Nanga bwanji sunanene?"

"Mwiniwake usakunena, ine ndinene ngati ndani?" Anakonza mandala ake. "Paja tinkachita maere a malo okhala teremu iliyonse. Iwe unkati zinkangochitika kuti ndizigwera kumanzere kwako nthawi zonse? Ndinkasinthanitsa mapepala ndi anzathu. Wina ndinachita kumulembera homuweki ya masamu mwezi wathunthu."

Pamenepo ndinakumbukira kope lake, mmene ankalisendezera kumphepete kwa desiki aphunzitsi akatchula tsamba loti titsegule. Ine ndinkayesa kuti ndi kusasamala kwake. Ndinkaonera n'kumadzitama mumtima kuti ndine wochenjera.

Misozi inabwera limodzi ndi mkwiyo.

"Ndiye wandiika m'buku osandipempha? Dziko lonse liziwerenga chinsinsi changa?"

"Ndinalakwa," anatero, n'kuwerama kwambiri, osadzuka msanga. "Ndinkafuna mtsikana wolimba mtima, ndipo amene ndinkamudziwa ndiwe wekha. Atanena za anime ndinatchula dzina lako, koma za khutu lako sindinauze aliyense. Ukafuna, mzere umenewo ndiuchotsa lero lomwe. Kotone azimva mbali zonse."

Ndinaganizira za Kotone womva mbali zonse. Akanakhala mtsikana wamba wokonda mbatata, woseka popanda chifukwa.

"Usamukhudze," ndinatero. "Dzuka, anthu akutiyang'ana."

Ndinabwerera m'chipinda muja. A Segawa anali mayi woopedwa, wosadziwa kunyengerera. Ndinawapeza akumwa tiyi wozizira wa m'botolo.

"Pepani, pali chimene ndakhala ndikubisa. Khutu langa lakumanzere silimva."

Anaika botolo pansi.

"Chiyambire liti?"

"Chibadwire."

"Ndiye zaka zonsezi mwakhala mukulowa pamizere yanu ndi khutu limodzi?"

"Ndimayang'ana mapewa a anzanga. Akakwera, ndimadziwa kuti ayamba kulankhula."

"Ha! Ine ndili ndi anyamata a makutu awiri, aakulu ngati mbale, koma salowa pa nthawi yake." Anatembenukira kwa amisiri ojambula mawu. "Mwamva? Munthu amayang'ana mapewa!" Kenako anandiloza ndi cholembera. "Chimene chandikwiyitsa n'chakuti chaka chatha ndinakukalipirani pagulu, inu n'kungoseka. Bwenzi mutanena. Kotone ndi wanu. Lachiwiri, teni koloko, musachedwe."

A Horiuchi nditawaimbira foni anati mayi anga ndiwauze kuti chipinda changa ku Akita apitirize kusungiramo mpunga.

Lachiwiri ndinafika ndi Fumie, amene ananyamula bokosi la makeke a nyemba ogawira anthu onse. M'chipinda chojambulira mumakhala maikolofoni anayi, ndipo timasinthana, wina akulowa wina akutuluka, aliyense pamene papezeka mpata. Tsiku limenelo pansi pa maikolofoni yakumapeto, kumanzere kwenikweni, panali patamatidwa tepi yoyera yolembedwa dzina langa. Palibe anafunsa kanthu. Anzanga anangondipatsa moni monga mwa masiku onse, n'kukaima onse kumanja kwanga.

Nyale yofiira yosonyeza kuti kujambula kwayamba inayaka. Pakanema, mnyamata ndi Kotone anali pamlatho, chipale chofewa chikugwa. Amene ankalankhulira mnyamatayo anasendera pa maikolofoni yoyandikana nane. Maso anga anali pakanema, osati pamapewa ake, ndipo ndinamva kampweya kamene anakoka asanatchule dzina la Kotone: kakang'ono, konjenjemera, ngati ka munthu amene akuopa yankho.